Mpeni wa stainless: 420, X50, 14C28N, VG-10 kapena M390, kodi ndi uti womwe mungakwanitse kunola?

Mipeni yambiri yomwe tikugula masiku ano, kaya mushopu kaya pamsika, imabwera atangoilemba kuti Stainless Steel basi, ndipo ambiri timaganiza kuti ndiye kuti mpeniwo ndi wabwino poti suchita dzimbiri. Koma mawu amenewo sakukuuzani chilichonse za kuthwa kwake. Supuni yanu ndi stainless, sinki ndi stainless, mpeni wa ophika m'mahotela akuluakulu ndi stainless, koma ndi zitsulo zosiyana kutalitali. Ine chomwe ndikufuna muchigwire ndi ichi, musasankhe chitsulo chifukwa choti dzina lake likutchuka pa YouTube, yambani mwayang'ana chomwe munolere. Mpeni uliwonse umabuntha, olo wodula bwanji, ndiye funso lenileni ndi loti ukabuntha mupanga nawo chani.

Tiyambe ndi zomwe zili m'kati mwa chitsulomo. Kuti chitsulo chitchedwe stainless chimayenera kukhala ndi kromiyamu wosachepera maperesenti 10.5, ameneyu ndi amene amakumana ndi mpweya n'kupanga kachikopa kosaoneka ndi maso pamwamba pa chitsulo, kamene kamatchinga dzimbiri. Harry Brearley wa ku Sheffield ku England ndi amene amatchulidwa kwambiri kuti anatulukira zimenezi mu 1913, ndipo mipeni inali m'gulu la zinthu zoyamba kupangidwa ndi chitsulocho. Koma kromiyamu payekha sapangitsa mpeni kuthwa. Chomwe chimalola chitsulo kukhwima akachiwotcha n'kuchiziziritsa mwachangu ndi kaboni. Chitsulo cha masupuni ndi mapoto, chija amachilemba 304 kapena 18/8, chili ndi kromiyamu 18 ndi nikelo 8 koma kaboni wochepetsetsa, simungachikhwimitse ndi moto olo mutatani, ndipo nthawi zambiri maginito sachigwira. Ndiye mukaona mpeni woti maginito sakuumata n'komwe, ukayikireni. Koma musatembenuze nkhani, maginito kumata sizikutanthauza kuti mpeni ndi wabwino, mipeni yachabechabe yambiri imamata maginito bwinobwino.

Kulimba kwa mpeni amakuyeza ndi nambala ya HRC. Wofewa amakhala cha m'ma 52 mpaka 54, wapakati 56 mpaka 58, wolimba zedi 60 kupita m'mwamba. Kusiyana kwa manambala awiri kapena atatu kumaoneka kochepa papepala koma pamwala wonolera dzanja limakumva.

Tsono pali nkhani ya makabaidi, apa ndi pomwe pagona zonse ndipo ndikupemphani mupirire pang'ono. Kaboni akachuluka, wina amagwirana ndi kromiyamu kapena vanadiyamu n'kupanga timibulu tolimba kwambiri m'kati mwa chitsulo. Zili ngati miyala ya mu konkire, miyala ikachuluka konkireyo saperepeseka msanga, koma yesani kumusema kuti apyapyale kwambiri, miyala ikuluikulu ija imayamba kugwa n'kusiya mabowo. Mpeni wa makabaidi ambiri umatenga nthawi kuti ubunthe mukamadula zinthu zokhakhala monga makatoni, zingwe ndi chikopa, koma umabenthuka msanga ukagunda fupa, ndipo kuunola ndi ntchito. Chinanso, kromiyamu amene wamangidwa mu makabaidi sakuthandizanso kuteteza dzimbiri. N'chifukwa chake simungangoona kuti ichi chili ndi kromiyamu 17 icho 13 ndiye cha 17 chapambana, ayi, zimatengera kuti kaboni wadya kromiyamu wochuluka bwanji. Ndiye zinthu zomwe zimalimbana ndi kusabuntha msanga, kusabenthuka, kusachita dzimbiri komanso kunoleka, ndipo mukakoka chimodzi china chimatsika.

Pansi penipeni pali 420J2 ndi mnzake wa ku China 3Cr13. Maina a zitsulo za ku China ndi osavuta kuwerenga, nambala yoyamba ndi kaboni, ndiye 3Cr13 ndi kaboni pafupifupi 0.3 peresenti ndi kromiyamu 13, 5Cr15MoV ndi kaboni 0.5 ndi kromiyamu 15, 8Cr13MoV ndi kaboni 0.8, choncho basi. Mipeni yotchipa yambiri yomwe sanailembe dzina la chitsulo imakhala ya gulu la 420 lomweli. Sichita dzimbiri wamba, siithyoka wamba, mukhoza kuinola pamwala uliwonse olo pansi pa kapu yadothi, koma mukasenda mbatatesi chidebe chimodzi yabuntha kale, mbali yakuthwa ija imangopindika. Ine sindiinyoza, mayi amene amanola pamwala wa pakhomo asanayambe kudula masamba akhoza kukhala nawo zaka zambiri osadandaula. Koma kwa munthu amene mpeni ndi ntchito yake, achimwene a pa chiwaya kapena a kanyenya, nthawi yomwe mukutaya ponola kangapo pa tsiku ndi ndalama.

Pali 420HC, musaisokoneze ndi 420 wamba. Ili ndi kaboni pafupifupi 0.45, ndipo kampani ya Buck ya ku America yakhala ikuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri n'kumaifikitsa cha pa 58 HRC ndi njira yokhwimitsira yomwe anakonza katswiri wokhwimitsa zitsulo Paul Bos. Chitsulo chotchipa chimenechi m'manja mwa Buck chimaposa zitsulo zina za maina akuluakulu zomwe zinawotchedwa mwa chisawawa. Zimenezi zikukuuzani kuti amene anapanga mpeni ndi wofunika mofanana ndi chitsulocho. Ndipo chenjerani ndi mpeni wolembedwa 440 basi popanda chilembo kumapeto kwa nambalayo. Pali 440A, 440B ndi 440C, woyambayo kaboni wake ndi 0.6 mpaka 0.75, womalizayo amafika 0.95 mpaka 1.2. Munthu amene wagwiritsa ntchito 440C amalemba C-yo monyadira, akabisa dziwani kuti ndi 440A kapena chocheperapo.

Tikwere pang'ono tifike ku Germany. Mipeni ya ku Solingen monga Wüsthof ndi Zwilling imadziwika ndi chitsulo cha mtundu wa X50CrMoV15, ena amachilemba 1.4116, kaboni 0.5, kromiyamu 15, kuphatikiza molibidinamu ndi vanadiyamu pang'ono, ndipo amachikhwimitsa cha pa 56 mpaka 58. Victorinox ya ku Switzerland imagwiritsa ntchito china chofanana nacho kwambiri cha pa 56. Anthu okonda mipeni pa intaneti amachiderera chitsulo chimenechi kuti ndi chofewa, koma pitani m'mabutchala ndi m'makhitchini a mahotela muone mipeni yomwe ili m'manja mwa anthu. Chifukwa chake n'chomveka, ukagunda fupa la mbuzi subenthuka, umangopindika pang'ono kokuthwako, ndiye munthu amangotenga kachitsulo kozungulira kaja kowongolera, kawiri katatu uku ndi uku, mpeni wabwerera. Mandimu, tomato, mchere, madzi a nyama, chimapirira zonsezo. Kwa butchala komanso khitchini ya anthu ambiri momwe mpeni umagwiridwa ndi aliyense, ine sindingapite kwina. 5Cr15MoV ndi mtundu womwewo wopangidwa ku China, ngati anauwotcha bwino umagwira ntchito yomweyo pamtengo wotsika, vuto ndi loti simudziwa ngati anauwotcha bwino mpaka mutaugwiritsa ntchito.

Koma zomwe mtima wanga uli nazo ndi zitsulo za ku Sweden, 12C27, 14C28N ndi AEB-L. Ziwiri zoyambazo ndi za kampani ya Sandvik, amene gawo lawo la zitsulo linayamba kutchedwa Alleima mu 2022, pomwe AEB-L ndi ya Uddeholm ndipo inapangidwira malezala ometera. Taganizani, chitsulo cha lezala chimayenera kupyapyala mpaka mapeto osagumuka, ndiye anachilinganiza dala kuti kaboni ndi kromiyamu zikhale pa mlingo woti makabaidi akhale ochepa komanso ang'onoang'ono zedi. AEB-L ili ndi kaboni 0.67 ndi kromiyamu 13, 12C27 kaboni 0.6 ndi kromiyamu 13.5, ndipo 14C28N ili ndi kaboni 0.62, kromiyamu 14, anawonjezeramo nayitrojeni pang'ono amene amathandiza kulimba komanso kukana dzimbiri popanda kupanga makabaidi akuluakulu. Zotsatira zake ndi zoti mukhoza kuzikhwimitsa mpaka 59, 60, olo kuposa, koma osabenthuka wamba, zimathwa kwambiri moti tomato wakupsa mumamudula osamufinya, ndipo mwala wamba wa kuhadiweya uja wa mbali ziwiri umazinola mphindi zochepa. Sindikunena kuti sizibuntha, zikamadula makatoni tsiku lonse VG-10 kapena S30V, zomwe tizikamba kutsogoloku, zimazisiya m'mbuyo. Koma kodi ndi angati mwa ife amadula makatoni tsiku lonse? Ambiri timadula anyezi, kabichi, nyama, kutumbula chambo, ndipo pa ntchito zimenezi mpeni sutha chifukwa choperepeseka kwenikweni, umatha chifukwa kokuthwa kwapindika kapena kwabenthuka pa thabwa, pa mbale kapena pa fupa. Apa ndi pomwe zitsulo za makabaidi ang'onoang'ono zimapambana. Morakniv ya ku Sweden imagwiritsa ntchito 12C27 pa mipeni yake yambiri ya stainless, Opinel ya ku France nayo imagwiritsa ntchito mtundu wa 12C27 womwewo, ndipo 14C28N mudzaipeza kwambiri pa mipeni yopinda ya Kershaw ndi makampani ena a ku China amene amagula chitsulocho ku Sweden. Chosangalatsa n'choti si mipeni yodula kwambiri.

AUS-8 ya kampani ya Aichi ku Japan ndi 8Cr13MoV ya ku China ndi pachibale, kaboni 0.7 mpaka 0.8, kromiyamu 13 mpaka 14, HRC cha m'ma 57 mpaka 59. Ndi zitsulo zoti sizikhumudwitsa komanso sizidabwitsa, zimanoleka bwino, dzimbiri zimachita timadontho mukazisiya zonyowa. Mukapeza mpeni wa m'thumba wa 8Cr13MoV wa kampani yodziwika pamtengo wabwino tengani, koma ngati pambali pake pali wa 14C28N mtengo wosasiyana kwambiri, tengani wa 14C28N.

Kenako pali gulu la kaboni wa 1 peresenti, VG-10, 440C, N690 ndi 154CM. VG-10 imapangidwa ndi Takefu Special Steel ku Fukui, Japan, kaboni 1, kromiyamu 15, molibidinamu 1, kobati 1.5, ndipo mipeni ya kukhitchini monga Tojiro DP amaifikitsa pa 60 kapena 61. Mipeni ya ku Japan imakhala yopyapyala ndipo amainola mopendeka kwambiri, cha pa madigiri 15 mbali iliyonse pomwe ya ku Germany kale inkakhala cha pa 20, ndiye kudula kwake kumakoma zedi, nsomba imangotseguka. Koma abale, mpeni umenewu si wodulira nkhuku ya lokolo pa mafupa, si woswera dzungu louma khungu mopotokola, si wodulira nyama yochokera mu fiziji ili gwa. Ukabenthuka pamafunika kudya chitsulo chambiri kuti mufafanize pobenthukapo. Ngati pakhomo mpeni umabwerekedwa ndi aneba kapena ana amatsegulira chitini, VG-10 idzakupwetekani mtima. N690 ndi ya Böhler ya ku Austria, kaboni kupitirira 1 pang'ono, kromiyamu 17, kobati 1.5, imakana dzimbiri bwino kuposa VG-10, ndipo anzathu amene muli ku Joni mudzaiona kwambiri chifukwa opanga mipeni pamanja a ku South Africa amaikonda, makamaka pa mipeni yosendera nyama. 154CM ya kampani ya Crucible ya ku America ndi mnzake ATS-34 wa Hitachi ya ku Japan zinatchuka m'zaka za m'ma 1970 kudzera mwa mmisiri Bob Loveless, zili ndi molibidinamu 4, zabwino ndithu koma pa mipeni ya kukhitchini simuzipeza kawirikawiri. Gulu lonseli limanoleka pamwala wogula wabwino, koma pamwala wotola kumtsinje mudzatuluka thukuta chifukwa makabaidi a kromiyamu ndi olimba kuposa mchenga womwe uli mumwalamo.

D2 ndiitchule chifukwa yadzaza pa mipeni yopinda yotsika mtengo ndipo ogulitsa ena amaitcha stainless. Ili ndi kromiyamu 12 inde, koma kaboni wake ndi 1.5, ndiye kromiyamu wambiri wathera mu makabaidi akuluakulu. Imachita dzimbiri mukaisiya ndi madzi a mandimu kapena thukuta m'thumba, imabenthuka, ndipo kunola kwake ndi kovuta. Kukhitchini ine ayi.

Tsopano zija zodula zomwe anthu amakangana pa intaneti. Izi amazipanga mwanjira ina, chitsulo chosungunuka amachipopera ndi mpweya kuti chisanduke ufa, kenako ufawo amaupanikiza pa moto waukulu kuti ugwirane, ndiye makabaidi amakhala ochuluka koma ang'onoang'ono komanso omwazika mofanana. S30V inatuluka mu 2001, Crucible inaikonza mothandizana ndi Chris Reeve, mmisiri wobadwira ku Durban amene anasamukira ku Idaho, ndipo ili ndi kaboni 1.45, kromiyamu 14, vanadiyamu 4, molibidinamu 2. Mu 2009 kunabwera S35VN momwe anachepetsa vanadiyamu kufika 3 n'kuikamo niyobiyamu 0.5 kuti isamabenthuke kwambiri. M390 ya Böhler ndiye yadzaza, kaboni 1.9, kromiyamu 20, vanadiyamu 4, ndipo 20CV ndi 204P ndi chitsulo chomwecho kungoti makampani ena. Izi zimakhalitsa zisanabunthe, zoona, palibe wotsutsa. Koma makabaidi a vanadiyamu ndi olimba kuposa zomwe amapangira miyala yonolera yambiri, ndiye kuti muzinole bwino pamafunika chonolera cha dayamondi. Opanda chimenecho mudzakhala ndi mpeni wodula womwe unali wakuthwa miyezi ingapo kenako wangokhala mu dirowa. Ndipo zabodza zachuluka, kulemba M390 pa mpeni ndi makina a laser ndi ntchito ya masekondi, mukaona mpeni wolembedwa M390 kapena S35VN pamtengo wa mpeni wamba, musadzivute, si chitsulo chimenecho.

MagnaCut ndi yomwe inasintha kaganizidwe. Anaikonza Larrin Thomas, katswiri wa zitsulo wa ku America, inatuluka mu 2021, ndipo kromiyamu wake ndi 10.7 yekha, ndi kaboni 1.15, vanadiyamu 4, niyobiyamu 2, molibidinamu 2. Nzeru yake inali yoti kaboni agwidwe ndi vanadiyamu ndi niyobiyamu, kromiyamu yense atsale womasuka kuti azilimbana ndi dzimbiri, ndiye ngakhale nambala yake ikuoneka yotsika imakana dzimbiri kuposa zitsulo zambiri za kromiyamu 14 kapena 17, komanso siibenthuka ngati M390. Pa zitsulo zodula zonse iyi ndi yomwe ndingati ndalama yake ikumveka, koma nkhani ya dayamondi ija ikadalipo. Kwa amene amagwira ntchito m'madzi amchere, monga asodzi a kunyanja yaikulu ku Beira kapena Durban, kuli H1 ndi LC200N zomwe zimadalira nayitrojeni m'malo mwa kaboni wambiri ndipo dzimbiri silizigwira n'komwe, kampani ya Spyderco yazigwiritsapo ntchito pa mipeni yake yotchedwa Salt. Kunyanja ya Malawi madzi alibe mchere, X50 kapena 14C28N ndi yokwanira bola muziipukuta.

Wina afunsa kuti nanga mipeni ya osula athu ija, yopangidwa ndi sipuling'i ya galimoto kapena tupa yakutha? Imeneyo si stainless, ndi chitsulo cha kaboni, chimodzimodzi Okapi wachikale uja, amene anayambira ku Solingen mu 1902 ndipo kuyambira 1988 amapangidwa ku South Africa. Imachita dzimbiri ndipo imadetsa anyezi, koma kuthwa kwake ndi kunoleka kwake stainless yambiri siifikako, n'chifukwa chake osenda mbuzi ambiri sailekerera. Ndipo pali chifukwa chomwe osula sagwira stainless. Chitsulo cha kaboni chimakhwima mukachifikitsa cha pa madigiri 800, pomwe chafiira, n'kuchiviika mu oyilo, zimenezo makala ndi mvukuto zimakwanitsa. Stainless ya mipeni imafuna madigiri opitirira 1,000, nthawi zambiri cha pa 1,050, ndipo iyenera kukhala pa kutentha komweko kwa mphindi zingapo osakwera osatsika, zomwe zimafuna ng'anjo yamagetsi yokhala ndi choyezera. Ndiye wina akakuuzani kuti wakusulirani mpeni wa stainless pa makala, mufunseni bwino kuti waukhwimitsa bwanji.

Ndiye kusankha kwanga kuli motere. Wa butchala, wa kanyenya, khitchini ya pasukulu kapena pa lesitilanti, X50CrMoV15 kapena chitsulo cha Victorinox, pamodzi ndi kachitsulo kowongolera. Pakhomo poti muli ndi mwala wogula ndipo mukufuna mpeni umodzi wabwino, 14C28N, 12C27 kapena AEB-L, ndipo pamenepa sindisunthika. Wophika amene amausamala mpeni wake yekha, ali ndi thabwa lodulirapo komanso ali ndi chikwanje kapena mpeni wina wa mafupa, VG-10 idzamusangalatsa. Wosenda nyama zambiri, N690. S35VN, M390 ndi MagnaCut gulani pokhapokha mwagula kale chonolera cha dayamondi ndipo mukugula kwa wogulitsa woti mungamubwerere.

Koma mulimonse mwasankhamo, chonde musaupereke ku girayinda yamagetsi ya pa welding ija. Opanga akamaliza kukhwimitsa mpeni amaubwezera pa moto wochepa, cha pa madigiri 150 mpaka 200, kuti usakhale wophwanyika ngati galasi, ndipo kutentha kulikonse kopitirira pamenepo kumayamba kuufewetsa. Kokuthwa kuja n'kopyapyala, pa girayinda youma kumatentha m'kamphindi, mukaona kwasintha mtundu kukhala kwa chikasu kapena kwa buluu ndiye kuti kutentha kwapitirira kale madigiri 200 aja ndipo kulimba kwa pamenepo kwatsika, VG-10 yanu ya 61 kokuthwako yafewa. Nolani pamwala ndi madzi, kapena ngati ndi makina akhale oyenda pang'onopang'ono ndipo mpeni uziviikidwa m'madzi pafupipafupi. Ngati wapsa kale, pitirizani kunola pamwala mpaka mutadya chitsulo chofewacho n'kufika pomwe moto sunafike, nthawi zambiri si patali.